Lenti inachokera kuti, nanga chakhumi tizichotsa pa mpamba? Yankho kwa mayi wa geni ya usipa ku Salima

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Salima, dzina sinditchula poti anapempha okha kuti ndisatchule. Ati anawalembera ndi mwana wawo pa foni. Ndaifupikitsa pang'ono koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, ine ndinakulira mu mpingo wosunga Lenti koma nditakwatiwa ndinatsatira bambo a kunyumba ku mpingo wawo. Chaka chatha ndinapita kukalandira phulusa mwakabisira, abusa atamva anati Lenti ndi mwambo wachikunja wa ku Babulo wolira mulungu wotchedwa Tamuzi ndipo mu Baibulo mulibe. Anatinso geni yanga ya usipa sikuyenda chifukwa ndimamubera Mulungu chakhumi. Ndinakatenga K20,000 ku banki mkhonde nkupereka, mpaka lero ndikubwezabe. Ndiuzeni zoona, Lenti inachokera kuti? Nanga chakhumi ndizichotsa pa ndalama yonse yomwe ndagulitsa kapena pa phindu lokha?"

Mayi anga, zikomo polemba. Kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, ndipo pa K20,000 paja ndinaima kaye nkuika foni pansi, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira ku banki mkhonde tsiku lobweza likafika munthu ulibe, manyazi ake aja pamaso pa amayi anzako, pena mpaka kudzakunyamulira ndowa ndi mapoto. Nde ndiyankha motalika ndithu, mwana wanuyo akuwerengereni pang'onopang'ono olo masiku awiri. Mafunso anu awiriwa akuoneka ngati osiyana koma mukawatsata kumene anachokera mupeza kuti amakumana pa mphambano imodzi.

Tiyambe ndi pomwe abusa anu anena zoona. Mawu oti Lenti, dzina la nyengo yosala kudya ndi kulapa pokonzekera Pasaka, mu Baibulo mulibedi, ndipo palibe vesi lolamula kuti mkhristu azisala masiku 40 Pasaka isanafike. Liwulo ndi la Chingelezi chakalekale, lencten, lonena za nyengo imene kwawoko chisanu chimatha masana nkuyamba kutalika. Mu Chilatini amati Quadragesima, kutanthauza za makumi anayi, nchifukwa chake anzathu a tsidya la nyanja ku Mozambique amati Quaresma, a ku Tanzania amati Kwaresima. Komatu Sande sukulu mu Baibulo mulibenso, yunifomu ya amayi a chigwirizano mulibe, envelopu yoikamo chakhumi yolemba dzina pamwamba nayonso mulibe. Funso labwino nloti chinthucho chinayamba bwanji, ndipo chikumutengera munthu kuti.

Akhristu oyambirira ankasala kudya masiku ochepa chabe Pasaka isanafike, pokumbukira nthawi imene Ambuye anali m'manda. Cha m'ma 190, episkopi wa ku Lyon dzina lake Irenaeus analembera kalata Victor, episkopi wa ku Roma, nkumufotokozera kuti ena amasala tsiku limodzi, ena awiri, ena ochulukirapo, ena amawerenga maola 40 usana ndi usiku, ndipo anati kusiyana kumeneku sikunayambe m'masiku awo, anakupeza kwa makolo. Mukuona pamenepo, zaka 150 zokha chichokereni Yesu kusala kwa Pasaka kunali kale mwambo wa makolo mu mpingo, chabe kuti kunali kwakufupi.

Masiku 40 anabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 300, mpingo utasiya kuzunzidwa anthu nkuyamba kukhamukira ku ubatizo. Mu malamulo a msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa mu 325 muli liwu la Chigiriki lonena za makumi anayi lomwe ambiri amalimva kuti ndi nyengo imeneyi. Koma umboni umene ine umandikomera ndi wa munthu wa mu Africa muno, Athanasius episkopi wa ku Alexandria. Cha m'ma 340 ali ku Roma komwe anathawira, analembera mnzake Serapion kuti alimbikitse akhristu a ku Egypt kusala masiku 40, kuopa kuti dziko lonse likusala iwo okha nkumadya, asanduke choseketsa. Nde wina akamati izi nza azungu muzimuuza kuti mpingo wa ku Egypt ndi wa ku Ethiopia mpaka lero amasala masiku 55 Pasaka isanafike, osadya nyama, mazira kapena mkaka, kuposa azunguwo kutalitali.

Chinayambitsa kwenikweni ndi kalasi ya ubatizo. Nthawi imeneyo anthu akuluakulu ankabatizidwa usiku wa Pasaka, ndipo masabata omalizawo inali nthawi yowasula. Pali mayi wina wapaulendo dzina lake Egeria amene anakhala ku Yerusalemu cha m'ma 381 mpaka 384 nkulemba zomwe anaona. Akuti poyamba pa nyengoyi ofuna ubatizo ankalembetsa maina, kenako amabwera mmodzimmodzi pamaso pa episkopi limodzi ndi mboni zawo, episkopi nkumafunsa anansi kuti kodi munthuyu ndi wamakhalidwe abwino, amalemekeza makolo ake, si chidakwa, si wabodza? Akapezeka ndi chilema amamubweza kuti akakonze kaye. Olandiridwawo ankaphunzira maola atatu tsiku lililonse. Ndikamawerenga zimenezi ndimaona ndithu akulu a mpingo a kwathu kuno atakhala pa benchi kufunsa ana a kalasi, palibe kusiyana. Tsono mpingo wonse unati sitingawasiye anthuwa akusala okha, tisale nawo, ndipo ochimwa machimo akuluakulu amene anaimitsidwa pa mgonero nawonso ankalapa nyengo yomweyi kuti alandiridwenso Lachinayi Loyera. Lenti inabadwa chonchi, ngati mmene mudzi wonse umakhalira pa chikonzekero mwana mmodzi akamalowa m'banja.

Nambala ya 40 sanaitole ku Babulo, ili mu Baibulo lomwe abusa anu amanyamula. Yesu anasala masiku 40 m'chipululu pa Mateyu 4, Mose anakhala masiku 40 pa phiri osadya osamwa pa Eksodo 34:28, Eliya anayenda masiku 40 kupita ku Horebu pa 1 Mafumu 19:8, anthu a ku Nineve anapatsidwa masiku 40 kuti alape pa Yona 3:4. Kawerengedwe kokha ndi komwe kanali kosiyana, ku Yerusalemu Egeria anapeza masabata 8 chifukwa Loweruka ndi Lamulungu sankasala, ku Roma anadzakhazikika pa masabata 6. Masabata 6 ndi masiku 42, mukachotsapo ma Lamulungu 6 poti tsiku la kuuka kwa Ambuye sitisala, atsala 36. Nambala imeneyi muisunge ndibwereranso. Kuti akwane 40 anadzaonjezera masiku 4 kutsogolo, nchifukwa chake Lenti imayamba Lachitatu osati Lamulungu. Phulusa poyamba linali la olapa poyera okha, kenako anthu onse anayamba kulandira, ndipo mu 1091 pa msonkhano wa ku Benevento Papa Urban II anati likhale la aliyense. Kudzithira phulusa polapa nako nkwa mu Baibulo, onani Yobu 42:6 ndi Danieli 9:3.

Ine phulusa langa loyamba ndinalandirira ku tchalitchi cha Anglican cha All Saints kuno ku Nkhotakota, komwe kuli manda a Bishop Chauncy Maples uja anamira pa nyanja mu 1895. Kunali mvula ya m'mawa, tonse titanyowa, wansembe akudinda kamtanda ndi chala chachikulu pa mphumi nkumati kumbukira kuti ndiwe dothi ndipo kudothi udzabwerera. Patsogolo panga panali bambo wina wa mashopu amene tonse tinkamuopa, pambuyo panga msodzi wonunkha usipa wa usiku womwewo, mawu anali omwewo kwa onse, ndipo phulusalo linali la masamba a kanjedza omwe tinakupiza tokha chaka chapitacho tikuimba Hosana. Potuluka thukuta ndi mvula zinali zitalitsitsira kale pa mphuno. Chikunja pamenepo ine sindinachione.

Nanga za Tamuzi zinachokera kuti? Tamuzi alimodi mu Baibulo, pa Ezekieli 8:14 pamene mneneri anaona akazi akumulira pa chipata cha kachisi. Koma werengani nokha ndimeyo, palibe masiku 40, palibe Pasaka, ndipo mwezi wotchedwa Tamuzi umagwa cha mu Juni ndi Julayi. Amene anafalitsa zolumikiza ziwirizi ndi mbusa wa ku Scotland, Alexander Hislop, mu buku lake The Two Babylons lomwe linayamba kutuluka mu 1853, ndipo cholinga chake chinali kuonetsa kuti chilichonse cha Akatolika nchochokera ku Babulo. Akatswiri a mbiri anapeza kuti ankangolumikiza zinthu chifukwa maina akumveka mofanana, koma nkhaniyo inayenda pakamwa ndi pakamwa, lero ili pa WhatsApp. Sindikuti abusa anu ananama dala ayi, nawonso anaimva kwa wina amene ankamukhulupirira.

Kuti mipingo ina sisunga Lenti chifukwa chake chenicheni nchina, ndipo nchomveka. Pofika m'ma 1500 kusala kunali kutasanduka lamulo la boma ku Ulaya, wodya nyama mu Lenti ankalangidwa. Mu 1522 ku Zurich anthu ena anadya masoseji dala mu Lenti kunyumba kwa wosindikiza mabuku Christoph Froschauer, ndipo wansembe Ulrich Zwingli anawaikira kumbuyo nkulalikira kuti mkhristu ali ndi ufulu, kusala kapena kusasala, asamangidwe ndi lamulo lomwe Malemba sanaike. Mipingo ya Reformed inatuluka mu mzere umenewu, kuphatikizapo a Dutch Reformed amene anatsegula mishoni ya Mvera pafupi ndi kwanuko mu 1889. Tsono taonani mayi, mfundo yomwe inachititsa kuti ena asiye Lenti inali yoti munthu asaopsezedwe ndi lamulo la anthu. Nde zimandiwawa kuona mpingo wokana Lenti m'dzina la ufulu ukumanga mayi wa usipa ndi chingwe china cholimba kuposa choyamba chija.

Tibwerere ku 36 uja. Chaka chili ndi masiku 365, gawo limodzi la magawo khumi ndi masiku 36 ndi theka. Mmonke wina John Cassian analemba zimenezi m'zaka za m'ma 400, ndipo Gregory amene anali papa kuyambira 590 mpaka 604 analalikira zomwezo, kuti posala masiku 36 amenewa tikupereka kwa Mulungu chakhumi cha masiku a chaka chathu. Kwa akuluakulu amenewo Lenti inali chakhumi, koma cha nthawi, chomwe olemera ndi osauka ali nacho mofanana. Ndipo chakudya chosalidwacho sichinkabwerera mu nkhokwe ayi. Buku lina lakale la ku Roma la m'zaka za m'ma 100, lolembedwa ndi Hermas, limati tsiku losala udye buledi ndi madzi basi, uwerengere mtengo wa zomwe ukanadya, ndalamayo ukapatse mayi wamasiye, mwana wamasiye kapena wosowa. Aristides wa ku Athens pofotokozera mfumu za akhristu anati pakakhala wosauka pakati pawo iwo alibe chapadera, amasala masiku awiri kapena atatu kuti amupatse chakudyacho. Ndi zomwe Yesaya 58 amanena, kuti kusala kumene Mulungu amafuna nkumasula zingwe za goli ndi kugawana chakudya ndi wanjala. Maepiskopi a Katolika a kuno kwathu atatulutsa kalata ija inagwedeza boma la chipani chimodzi, yonena za malipiro ochepa a antchito ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu, inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ndipo ine ndimaiona ngati Yesaya 58 yemweyo.

Agogo anga aakazi za Hermas sanamvepo koma ankachita zomwezo. Lenti ikayamba ankatenga kamphika kakang'ono kothyoka mkamwa nkukaika pa tsindwi kuseri kwa chitseko. Akamapima ufa wa kondowole kapena mpunga wophika, amatapako dzanja limodzi nkuthira mu kamphikamo asanathire mu poto. Ife ana tinkadandaula poti Lenti ya kuno si ya ku Ulaya, imagwa mu Febuluwale ndi Malichi pomwe nkhokwe zili mbee, chimanga chisanache, ndiwo ndi chigwada tsiku ndi tsiku. Iwo ankangoti dzanja limodzi silipha munthu. Loweruka lililonse madzulo ankandituma nako kamphikako, atakaphimba ndi nsalu, kwa gogo wina wamasiye wa kuseri kwa mzikiti, Msilamu, ndipo ankandiuza kuti ukalowere kumbuyo anthu asakuone. Ramadan ikatha mbale inkabweranso kuchokera kumeneko ndi mpunga wa Idi. Kuno ku Nkhotakota timakhala chonchi, ndipo anzathuwo nawonso pomaliza kusala amatulutsa chakudya cha osauka asanapite kokaswali. Pajatu amati kupatsa nkuika.

Apa ndinenepo za nsomba pang'ono. Lamulo loti Lachisanu osadya nyama koma nsomba linapangidwa kumene nyama inali chakudya cha madyerero. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja amene nyama timaiona pa Khrisimasi ndi pa ukwati, kusiya nyama nkudya chambo chowotcha si kusala konse. Kuyambira 1966 Papa Paul VI atafewetsa malamulo, kwa Akatolika masiku okakamiza kusala kudya anatsala awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo odwala ndi okalamba sakakamizidwa. Munthu amene akudya kale kamodzi patsiku chifukwa cha njala ine sindingamuuze kuti asale chakudya. Asale miseche, asale mkwiyo, awonjezere pemphero.

Tsopano chakhumi. Mu Chipangano Chakale chilimo, palibe wokana. Abrahamu anapereka kwa Melikizedeki pa Genesis 14:20, Yakobo analonjeza pa Genesis 28:22, ndipo chilamulo cha Mose chinachikhazikitsa. Koma tiyeni tione kuti chinali chiyani. Levitiko 27:30-32 akunena za mbewu za m'munda, zipatso za mitengo, ng'ombe ndi nkhosa, ndipo pa ziweto akuti yakhumi iliyonse yodutsa pansi pa ndodo ya mbusa, kutanthauza kuti wa mbuzi 9 panalibe yakhumi yoti apereke. Numeri 18 akuti chinali cha Alevi chifukwa iwo sanapatsidwe munda pogawa dziko. Deuteronomo 14:22-27 akuti munthu atenge chakhumi chake apite nacho kumalo opembedzera akadye iye ndi banja lake mokondwera pamaso pa Mulungu, osaiwala Mlevi. Ndipo mavesi 28 ndi 29, omwe ine sindinawamvepo akulalikidwa pa Sande ya chakhumi, akuti chaka chachitatu chilichonse chakhumi chonse chisungidwe m'mudzi momwemo kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, akhute. Mwa chilamulo cha Mose chomwecho osauka anali kumbali yolandira.

Malaki 3:8-10 ndi ndime yomwe anakuwerengerani, ndikudziwa, ya kumubera Mulungu ndi temberero. Bwererani pang'ono pa vesi 5 ya mutu womwewo, Mulungu akuti adzaweruza opondereza wantchito pa malipiro ake, amasiye ndi alendo. Chaputala 1 ndi 2 akudzudzula ansembe opereka nyama zakhungu ndi zopunduka. Ndipo vesi 10 ikunena chifukwa chake chobweretsera chakhumi, kuti m'nyumba mwanga mukhale chakudya. Inali nkhokwe. Inu munakatenga ngongole yachiwongoladzanja kuti mudzaze nkhokwe yomwe imayenera kukuthandizani inuyo nthawi ya njala.

Mu Chipangano Chatsopano Yesu anatchula chakhumi polankhula ndi Afarisi pa Mateyu 23:23, kuti amapereka cha timbewu ta ndiwo koma asiya chilungamo, chifundo ndi chikhulupiriro, ndipo anati izi muzichita osasiya zinazo. Sanachinyoze ayi. Koma atumwi polembera mipingo ya anthu a mitundu ina ngati ife sanaikepo lamulo la 10 pa 100. Paulo pa 1 Akorinto 16:2 akuti aliyense aziika padera monga wapindulira, pa 2 Akorinto 8:12 akuti chopereka chimalandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho osati chimene alibe, pa 9:7 akuti osati mwachisoni kapena mokakamizidwa. Mawu oti osati chimene alibe ndi yankho la ngongole yanu ija. Mayi wamasiye wa timakobidi tiwiri pa Marko 12 alaliki ena amakonda kumutchula pofuna kuti osauka apereke zonse, koma vesi 40, pamwamba pake penipeni, Yesu akudzudzula alembi olusira nyumba za akazi amasiye. Za temberero, Agalatiya 3:13 akuti Khristu anatiwombola ku temberero la chilamulo.

Mpingo woyamba unkachita bwanji? Justin Martyr cha m'ma 150 analemba kuti Lamulungu amene ali nazo ndipo akufuna amapereka zomwe asankha okha, zoperekazo nkuthandiza amasiye, odwala, andende ndi alendo. Tertullian wa ku Carthage, mu Africa munonso, cha m'ma 197 anati aliyense amaponya kandalama kamodzi pa mwezi ngati akufuna ndipo ngati angathe, palibe wokakamizidwa. Chakhumi chinadzasanduka lamulo la mpingo mochedwa, pa msonkhano wa maepiskopi ku Mâcon, m'dziko la France, mu 585 pomwe anati wokana achotsedwe mu mpingo, ndipo mu 779 mfumu Charlemagne anachisandutsa msonkho wa boma. Mwaona, Lenti ya masiku 40 ndi yakale kuposa lamulo la mpingo lokakamiza chakhumi ndi zaka zoposa 200.

Musandimve molakwa mayi, ine sindikuti anthu asamapereke. Ine mwini ndimapereka chakhumi pa malipiro anga mwezi ndi mwezi ndipo sindinadandaulepo, chimandiphunzitsa kuti ndalama si mbuye wanga. Mpingo umafuna ndalama, ndawaona abusa akupalasa njinga m'matope kupita ku nthambi za kutali kukaika maliro, akatekisiti ogwira ntchito zaka ndi zaka osalandira kanthu, denga la tchalitchi likudontha pa guwa penipeni. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 9:14 akuti olalikira Uthenga adye za Uthenga. Kaya kwanu amati chakhumi, kaya mtulo, kaya masika, amene ali nazo apereke ndithu, ndipo kwa ena a magalimoto atatu 10 pa 100 ndi yochepa kwambiri. Chomwe ndimakana ndi sikelo imodzi kwa onse. Wolandira K2,000,000 akachotsa K200,000 ana ake adyabe nyama, wopeza K30,000 pa mwezi akachotsa K3,000 ndi ufa wa masiku angapo umenewo. Ndipo ndinaonapo ndi maso anga pa maliro ena, mpingo sindiutchula, akuluakulu akutsegula kaundula wa zopereka thupi lili m'nyumba, nkunena kuti kwaya siimba chifukwa malemu anali ndi ngongole ya miyezi isanu. Mayi ameneyo anadwala chaka chathunthu. Ana ake anayenda kukongola ndalama usiku kuti mayi awo aimbiridwe nyimbo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Pa funso lanu lenileni lija, mpamba kapena phindu, yankho ndi phindu. Tiyerekeze mwapikula usipa wa K80,000 ku Senga Bay, mwalipira kabaza ndi minibasi K6,000, chiphaso cha msika ndi mapepala okulungira K2,000, mwagulitsa zonse pa Kamuzu Road mwapeza K100,000. Yanu pamenepo ndi K12,000 basi, K88,000 inayo ndi mbewu. Mukachotsa chakhumi pa K100,000 mupereka K10,000 nkutsala ndi K2,000 ya ufa, sopo ndi sukulu, mawa lake mudzayamba kudya mpamba, pakutha pa mwezi geni yagwa ndipo mpingo womwewo sudzalandiranso kanthu kwa inu. Mukafuna kupereka chakhumi pa ulendo umenewo ndi K1,200. Ulendo umene mwaluza palibe chakhumi, poti palibe chomwe mwapindula, ndipo musadzimve kuti ndinu wakuba.

Za kuti geni sikuyenda, inu mukudziwa bwino kuposa ine zomwe zimachitika miyezi ya mvula. Dzuwa likusowa, usipa ukuolera pa thandala kapena ukuuma mwa theka nkuchita nkhungu m'thumba, mafuta a injini za maboti akakwera asodzi amakwezanso mtengo pa doko, ogula nawo ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, akudya nkhwani ndi therere za kumunda. Amayi anzanu opereka chakhumi mokhulupirika nawonso akulira chimodzimodzi, afunseni. Mulungu si wakatapila woti akapanda kulandira zake amakuolezerani nsomba.

Nde chomwe ndingakulangizeni ndi ichi. Malizani kaye kubweza K20,000 ija, ndalama za amayi anzanu zimenezo ndipo kubweza ngongole nakonso nkumvera Mulungu. Musadzatengenso ngongole chifukwa cha chopereka, olo wina atakulonjezani kuti ibwera kakhumi. Gulani kakope muzilemba zomwe mwapikula, zomwe mwawononga ndi zomwe mwagulitsa, kuti phindu muzilidziwa ndi maso osati mongoganiza, kenako mugwirizane ndi mtima wanu pamaso pa Mulungu gawo lomwe muzipereka mosangalala, kaya likwana chakhumi kaya silikwana panopa. Lenti ikubwerayi ngati mtima ukufuna kusunga, palibe amene angakuletseni kuwerenga Uthenga wa Marko chaputala chimodzi patsiku, kapena kuika pambali kadzanja ka usipa tsiku lililonse nkukapatsa gogo wina wa pafupi nanu Loweruka.

Chomwe sindikufuna nchoti nkhaniyi ikupasulireni banja kapena mukayambane ndi abusa pa gulu. Zopita mwakabisira zija musiye, zimaoneka ngati mukuchita choipa pomwe palibe choipa. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba nthawi yabwino atadya, muwerenge limodzi Aroma 14:5-6 pomwe Paulo akuti wina amalemekeza tsiku lina kuposa linzake, wina amaona masiku onse ofanana, wakudya amadya mwa Ambuye, wosadya nayenso amatero mwa Ambuye. Muwauze kuti simukusiya mpingo wawo, mukungopempha Lachitatu limodzi pa chaka. Irenaeus uja mu kalata yake kwa Victor anati makolo aja ngakhale ankasiyana pa kasalidwe ankakhalabe mwamtendere, ndipo kusiyana pa kusala kunkangotsimikiza kuti chikhulupiriro nchimodzi. Abusa mukawaone panokha mwaulemu, ndi bambo ngati avomera, mutenge kakope kaja muwaonetse masamu a K12,000 aja, mwina sanaganizepo kuti pa K100,000 yomwe amaiona m'manja mwanu yanu ndi yochepa chonchi.

Mundilemberenso mmene zayendera, makamaka za ngongoleyo kuti yatsala zingati, ndipo mwana wanu wolemba bwino uja mumupatse moni.